Mankhwala a Mphumu: Ena Amatsegula Njira, Ena Amaphwetsa Chotupa

Mphumu ndi matenda a tinjira ta mpweya ta m'mapapo, momwe mumachitika zinthu ziwiri: m'kati mwake mumatupa n'kudzaza makhololo, pamene timinofu tozungulira tinjirato timakungika, mwakuti wodwala amabanika, kutsokomola ndi kulira m'chifuwa akamapuma. Mankhwala ake nawonso amagawika potsatira mavuto awiriwa.

Odziwika kwambiri ndi salbutamol, amene ambiri amawatcha Ventolin ndipo anayamba kugulitsidwa ku Britain mu 1969. Munthu akapopera m'kamwa n'kukoka mpweya, mankhwalawa amakamatirira pa tizigawo ta minofu totchedwa beta-2, timene timalandira uthenga woti minofu imasuke, ndipo pakangopita mphindi zochepa chifuwa chimapepuka kwa maola 4 mpaka 6. Poti tizigawo totere tilinso m'minofu ina ya thupi, ena manja amanjenjemera ndipo mtima umathamanga.

Chodetsa nkhawa n'chakuti salbutamol sakhudza kutupa kuja, choncho wodalira iye yekha amaona ngati wachira pamene matenda akukulira m'kati. Kutupako kumaphwa ndi masteroid opopera, monga beclometasone ndi budesonide, amene amatsanzira cortisol, homoni yomwe thupi limapanga lokha. Amenewa amalowa m'maselo a tinjira tija n'kuchepetsa zinthu zoyambitsa kutupa, kotero kuti fumbi, utsi wa nkhuni kapena mphepo yozizira sizidzutsanso matenda msanga. Ntchito imeneyi imatenga masiku ngakhale masabata, ndipo poti wodwala samva kusintha pompopompo, ambiri amawasiya, n'kutaya chitetezo chenicheni chimene anali nacho. Wopopera masteroid ayenera kuchukucha m'kamwa akamaliza, kuopa zilonda zoyera za mafangasi.

Poti salbutamol sakhudza kutupa, mu 2019 bungwe la Global Initiative for Asthma linasiya kulimbikitsa kuti akuluakulu ndi achinyamata azidalira salbutamol yekha, ndipo m'malo mwake linasankha budesonide wophatikiza ndi formoterol, amene amatsegula njira mwachangu n'kukhala m'thupi pafupifupi maola 12, kuti wopopera aliyense pofuna mpumulo alandirenso chophwetsa kutupa.

Aliponso montelukast, mapiritsi otsekereza leukotriene, chimodzi mwa zinthu zotupitsa zija, komanso ipratropium, woletsa uthenga wa mitsempha wokungitsa minofu. Mapiritsi a prednisolone amaperekedwa kwa masiku ochepa matenda akavuta kwambiri, chifukwa kuwamwa nthawi yaitali kumafooketsa mafupa ndi kukweza shuga.

Komabe mankhwala opopera amathandiza pokhapokha akafika m'mapapo, osati kuthera pakhosi, ndipo ana ambiri amalephera kukoka mpweya pa nthawi imene akupopera. Mu 1999, Heather Zar ndi anzake ku Cape Town anaonetsa kuti botolo la pulasitiki la mamililita 500, loboola kumunsi n'kulowetsamo chopopera, limasunga nkhungu ya mankhwalayo kuti mwana aikoke pang'onopang'ono, ndipo limagwira ntchito mofanana ndi chipangizo chogula chopangidwira cholinga chomwechi.