Kodi Mwezi Umakhalapo Pamene Palibe Woupenya?

M'chaka cha 1973 akatswiri a za nyenyezi ochokera m'maiko ambiri adasonkhana mu mzinda wa Kraków, ku Poland, pokumbukira kuti padatha zaka 500 chibadwire Nicolaus Copernicus. Copernicus ndiye uja adaphunzitsa kuti dziko lapansi limazungulira dzuŵa, ndipo potero adamtsitsa munthu pampando wapakati pa chilengedwe pamene anthu akale a ku Ulaya adamkhazika. Tsono pamsonkhano wolemekeza munthu wotereyu padaimirira Brandon Carter, mbadwa ya ku Australia yogwira ntchito pa Yunivesite ya Cambridge, nanena kuti ophunzira adapyola muyeso potsata Copernicus. Iye adavomera kuti munthu sali pakati, koma adati malo ndi nthaŵi zimene munthu akupezekamo si zachisawawa ai. Mfundoyi adaitcha anthropic principle, kuchokera ku mau a Chigiriki akuti anthropos, ndiye kuti munthu.

Pachiyambi pake mfundoyi njofatsa ndithu. Ikungoti chilichonse chimene munthu aona m'chilengedwe chiyenera kukhala chololeza kuti woonayo akhalepo. Arthur Eddington adaperekapo fanizo lothandiza m'chaka cha 1939, la munthu wofufuza za nsomba amene adaiŵala kuyeza maso a ukonde wake. Msodzi amene ukonde wake uli ndi maso aakulu akamavuula chambo chokhachokha, sayenera kulengeza kuti m'nyanja mulibe usipa. Ukonde wa munthu ndiwo moyo wake womwe: sangathe kuona nyengo kapena malo kumene moyo sungakhale, popeza iye kumeneko kulibe.

Robert Dicke wa ku Princeton adaagwiritsa kale ntchito maganizo ameneŵa m'chaka cha 1961. Thupi la munthu ndi lomangidwa ndi kaboni, okosijeni ndi zina zotero, pamene chilengedwe chidayamba ndi haidrojeni ndi heliyamu pafupifupi zokhazokha. Kaboni amaphikidwa m'mimba mwa nyenyezi, ndipo mphika umenewu suthamanga: nyenyezi ziyenera kubadwa, kuyaka, kufa ndi kumwaza phulusa lao kuti papezeke dothi loumbira maiko ndi zamoyo. Nchifukwa chake palibe munthu akadatha kuona chilengedwe chikali chakhanda, ndipo sipadzakhala wochiona nyenyezi zonse zitazima. Zaka mabiliyoni 13.8 zimene akatswiri akuŵerengera lero zili m'kati mwa nyengo yokhayo imene woŵerengera angapezeke.

Nkhani ya kaboni yemweyu ndiyo imaimitsa mitu ya anthu. Kuti kaboni apangike, mitima itatu ya maatomu a heliyamu iyenera kugwirana. Iŵiri ikagwirana imapanga beriliyamu wosakhazikika, amene amasweka msanga kotero kuti kuphethira kwa diso nkuchedwa kutalitali, ndipo wachitatu ayenera kufika asanasweke. Fred Hoyle wa ku Mangalande adaŵerengera kuti izi sizikadabala kaboni wochuluka pokhapokha mtima wa kaboni utakhala ndi muyeso wina wake wa mphamvu. M'chaka cha 1953 adaumiriza akatswiri a ku Caltech, ku Pasadena, kuti aufunefune, ndipo adaupezadi, pafupifupi 7.65 MeV. Mabuku ambiri amasimba kuti Hoyle adayambira pa moyo wa munthu poganiza zimenezi, koma Helge Kragh, wolemba mbiri ya sayansi wa ku Denmark, adasonyeza kuti zolemba za Hoyle za nthaŵi imeneyo sizidatchule za moyo. Iye ankangofuna kulongosola kuchuluka kwa kaboni, ndipo mchere winawo adathira ndi osimba a pambuyo pake.

Komabe funso silidachoke. Bwanji miyeso ya chilengedwe ili yoyenerana ndi moyo chotere? Ena amati ndi dzanja la Mlengi. Ena amati zilengedwe zilipo zosaŵerengeka, chilichonse ndi miyeso yake, ndipo munthu ali m'chimene chidamlola. Enanso amati pali lamulo lakuya losadziŵika limene limakakamiza miyesoyo. Kufikira lero palibe chipangizo chimene chidagamula mlandu umenewu, ndipo aliyense wonena kuti sayansi idaugamula akuika mau m'kamwa mwa mboni.

Pali ena amene adalumpha patali kuposa apa, nati chilengedwe chimafuna wochipenya kuti chikhalepo nkomwe. Maganizo otere si achilendo. George Berkeley, amene pambuyo pake adakhala bishopu wa ku Cloyne, ku Ireland, adalemba m'chaka cha 1710 kuti kukhalapo kwa chinthu ndiko kuonedwa kwake, ndipo kuti zinthu sizisoŵa munthu akatsinzina chifukwa Mulungu amaziona nthaŵi zonse. Samuel Johnson adayankha mwa kumenya mwala waukulu ndi phazi, yankho limene lidapweteka chala koma silidakhudze mfundo.

Chimene chidautsanso nkhaniyi ndi sayansi ya tizinthu tochepetsetsa, yotchedwa quantum mechanics. Maelekitironi akaponyedwa imodziimodzi pa khoma la timing'alu tiŵiri, amasiya mizeremizere kuseri kwake, monga ngati iliyonse idadzera m'timing'alu tonse tiŵiri ngati funde la madzi. Koma pakaikidwa chipangizo chozindikira kumene iliyonse yadzera, mizere ija imasoŵa. Eugene Wigner adalemba mu 1961 kuti mwina ndi maganizo a munthu amene amachititsa zimenezi, ngakhale adadzaisiya mfundoyo. John Wheeler adapitirira mu 1978: adati wofufuza angathe kusankha choyeza kuŵala kutaloŵa kale m'chipangizo, ndipo zotsatira zidzagwirizanabe ndi chimene wasankha mochedwacho. Akatswiri a ku France, mmodzi mwa iwo Alain Aspect, adachita zimenezi mu 2007 napeza monga momwe Wheeler adanenera. Albert Einstein, amene zotere zinkamsoŵetsa mtendere, adafunsapo mnzake Abraham Pais akuyenda ku Princeton ngati amakhulupiriradi kuti mwezi umakhalapo pokhapokha iye akaupenya.

Apa ndipo pamene mau amodzi adasokeretsa anthu ambiri. Kupenya kumene akatswiri amanena si kwa diso kapena kwa mtima. Kumatanthauza kukhudzana kulikonse kumene kumasiya chizindikiro cha njira imene kanthu kadadzera. Ku Vienna, gulu la Anton Zeilinger lidasonyeza zimenezi momveka mu 2004. Lidatenga mamolekyu okhala ndi maatomu 70 a kaboni, amene ankapanga mizere ija bwinobwino, niliŵatenthetsa pang'onopang'ono. Atatentha kwambiri adayamba kutulutsa kuŵala, kuŵalako kudanyamula mbiri ya njira yao, ndipo mizere idazilala. Palibe munthu adaŵerenga mbiriyo. Idangomwazika pa makoma a chipangizo. Mwezi nawo ukuombedwa ndi kuŵala kwa dzuŵa ndi fumbi la m'thambo kosalekeza, kotero sudikira kuti munthu atukule maso.

Izi sizitanthauza kuti zodabwitsa zidatha. Zimene John Bell adaŵerengera mu 1964, zimene John Clauser, Aspect ndi Zeilinger adaziyesa nalandira nazo mphoto ya Nobel mu 2022, zidasonyeza kuti tizinthu tiŵiri tolumikizana timayankha mogwirizana kuposa momwe tikadathera kukadakhala kuti kalikonse kadanyamuliratu yankho lake pakokha. Tanthauzo lake akatswiri akukanganabe. Koma pakati pa chodabwitsa chimenechi ndi mabuku amene amauza wodwala kuti maganizo ake ndiwo amaumba dziko, kotero angathe kuchira kapena kulemera mwa kungolingalira, palibe mlatho uliwonse. Wodwala wosiya mankhwala chifukwa cha buku lotere wanamizidwa m'dzina la sayansi imene sidanene zimenezo.

Umboni wina udafukulidwa mu Africa muno. Mu 1972 akatswiri a ku Pierrelatte, ku France, adaona kuti yureniyamu wochokera ku mgodi wa Oklo, ku Gabon, anali wopereŵera pang'ono mtundu wotchedwa 235: magawo 0.717 pa 100 m'malo mwa 0.720. Atafufuza adapeza kuti zaka pafupifupi mabiliyoni aŵiri zapitazo miyala ya kumeneko idayatsa yokha ng'anjo ya nyukiliya, imene madzi a pansi ankaikoleza, niyaka mozimazima kwa zaka zikwi mazana angapo. Nthaŵi imeneyo padziko panalibe cholengedwa chilichonse chokhala ndi diso. Mu 1976 Alexander Shlyakhter wa ku Leningrad adasanthula miyeso ya samariyamu wotsalira m'miyalayo, napeza kuti mphamvu zogwira mitima ya maatomu m'ng'anjo ija zinali pafupifupi chimodzimodzi ndi zimene akatswiri amayeza lero.