Kujambula Nyali za Usiku ku Chikale

Anzanga, kodi munaimapo pamchenga wa ku Chikale usiku wopanda mwezi? Mukayang'ana kunyanja mumaona nyali zambiri zitafola ngati mudzi. Amenewo ndi asodzi a usipa. Usipa umathamangira kuŵala. Siginala amayatsa nyali pabwato lake, nsomba zimasonkhana, ndipo anzake amazizinga ndi chilimira. Kale ankayatsa nyali za parafini, koma lero ambiri ali ndi mababu a batire.

Kumaiko akutali a kumpoto, monga Norway ndi Canada, anthu amajambula kuŵala kwina. Kumeneko thambo limayaka lobiriŵira kapena lofiira usiku. Tinthu ting'onoting'ono tochokera kudzuŵa timagunda mpweya wakumwamba, pamtunda wa makilomita 100 kapena kupitirira, ndipo mpweyawo umaŵala. M'miyezi ya Juni ndi Julaye kuŵalako sikuoneka bwino, chifukwa kumeneko sikuda kwenikweni. Mu Meyi 2024 kuŵala kotere kunaoneka ngakhale ku South Africa. Ife kuno sitikuona, pakuti tili pafupi ndi pakati pa dziko lapansi. Komabe phunziro lake ndi limodzi: kuŵala kofooka kumafuna mdima.

Ambiri a ife tili ndi abale ku Joni amene amasoŵa kwathu. Mukafuna kuŵatumizira chithunzi cha nyanja usiku, nthaŵi zambiri chimatuluka chakuda bii. Foni si yoipa ayi. Usiku kamera imafuna nthaŵi yaitali kuti itole kuŵala. Dzanja likagwedezeka pang'ono, chithunzi chimaonongeka.

Tsono chitani izi:

1. Sankhani usiku wopanda mwezi. Ndi pamenenso asodzi amayatsa nyali zambiri.
2. Dikirani chilimwe, mu Okutobala kapena Novembala, mwera utaleka ndipo nyanja ili bata.
3. Pitani patali ndi magetsi a nyumba.
4. Pukutani diso la kamera ndi nsalu youma.
5. Zimitsani flashi. Kuŵala kwake sikufika kunyanja, kumangoŵalitsa mchenga.
6. Ngati foni yanu ili ndi mawu akuti Night, dinani pomwepo.
7. Tsamiritsani foni pamwala, dinani, ndipo ŵerengani mpaka 5 musanaichotse.

Musaloŵe m'bwato usiku chifukwa cha chithunzi. Nyanja ilibe mnzake. Musapitenso nokha, tengani mnzanu ndi tochi. M'maŵa asodzi akamakocheza, pemphani kaye musanaŵajambule. Iwo ali pantchito yodyetsa ana awo.

Chithunzi chikatuluka bwino, lembani nokha mawu pansi pake: malo, tsiku ndi moni. Tsopano mukudziŵa kulemba. Mbale wanuyo adzasangalala kaŵiri.

Mafunso
1. Chifukwa chiyani asodzi a usipa amayatsa nyali?
2. Chifukwa chiyani tiyenera kutsamiritsa foni pamwala?
3. Lembani mawu amene mungatumize pamodzi ndi chithunzi chanu.