Tsitsani mafoni tivine, koma wina ajambule

Masiku ano ukapita kudansi ya bandi, kaya ndi ku Blantyre, ku Lilongwe kapena kugombe la nyanja, choyamba kuona ndi manja okhaokha. Aliyense wakweza foni m'mwamba, maso ali pakagalasi, pomwe woyimbayo ali pafupi pomwepo moti thukuta lake likhoza kukudonthera. Munthu walipira pakhomo ndalama yoti akadagula thumba la makala, koma nyimbo yonse yatha iye osagwedeza ngakhale phewa, ati kuopa kuti chithunzi chingasokonekere. Akuluakulu amene adavinapo Alleluya Band ya ku Balaka m'masiku a Paul Banda akaona zimenezi amangopukusa mitu. Akuti ana a lero sadziwa kusangalala.

Ine ndikugwirizana nawo, koma osati pa zonse. Dziko lino lidataya zambiri chifukwa chosowa munthu wokweza kamera, ndipo nkhani imeneyi siikambidwa kawirikawiri.

Tikumbutsane. Malawi adalandira ufulu mu 1964, koma wailesi ya kanema idayamba mu 1999. Zaka 35 zathunthu oyimba athu ambiri adali mawu chabe otuluka m'kabokosi ka MBC. Kanema amene anthu a kumudzi ankaona ndi uja wobwera pagalimoto ya boma, chinsalu nkuchipachika pabwalo la sukulu, ndipo nkhani yake yaikulu idali maulendo a Kamuzu. Tengani Allan Namoko wa ku Thyolo, bambo wosaona uja woyimba banjo ndi Chimvu River Jazz Band, yemwe adatisiya mu 1995. Mawu ake timawadziwa tonse, amalowa mpaka m'mafupa. Koma funsani mnyamata wophunzira banjo lero kuti Namoko ankaigwira bwanji, zala ankaziyendetsa motani, ankakhala pansi kapena kuimirira. Ambiri angokuyang'anani. Khutu limasunga nyimbo, koma luso la zala limafuna diso.

Kuti mumvetse chimene ndikunena, taonani mwayi umene udagwera ana a Kachamba. Mu 1967 katswiri wina wofufuza nyimbo wa ku Vienna, Gerhard Kubik, adapeza anyamata akuyimba mumsewu mu Blantyre. Adali Daniel Kachamba ndi mng'ono wake Donald, a kwa Singano ku Chileka, akuyimba kwela, chamba chimene chidachokera m'misewu ya ku Joni. Kubik adawajambula pafilimu chaka chomwecho. Palibe siteji, palibe magetsi amitundumitundu, ndi anyamata chabe ndi zida zawo. Koma m'menemo muli zinthu zimene tepi ya wailesi sikadatha kusunga. Chitoliro cha kwela sachiyimba mowongoka ngati wisulo ya kumpira. Amachilowetsa mkati mwa kamwa nkuchipendeketsa cha kutsaya, ndipo m'pamene pamachokera kulira kwake kuja konenepa. Ukangomva ndi khutu ukhoza kuyesera chaka chonse osachipeza. Ukaona kamodzi, basi wadziwa.

Anyamatawo adakafika ku Ulaya mu 1972. Daniel adamwalira mu 1987, Donald mu 2001, atakaphunzitsako nyimbo zakezo payunivesite ya UCLA ku America mu 1999. Lero mwana wa ku Chileka akafuna kuona mmene agogo ake ankayimbira ali anyamata, akuthokoza mlendo wa ku Austria. Zimawawa pang'ono, eti? Koma chikhala kuti mlendoyo adangoimirira nkuwomba m'manja ngati ena onse odutsa mumsewumo, bwenzi tilibe kanthu.

Mudzi womwewo wa Singano udatipatsanso Evison Matafale. Iyeyu adakhala pamaso pathu nthawi yochepa kwambiri: Kuyimba 1, Kuyimba 2, kenaka mu November 2001 uthenga woti wamwalira ali m'manja mwa apolisi. Amene adamuona pasiteji amasimba mpaka lero, ndipo chaka ndi chaka anthu amakhamukira ku Chileka kukamukumbukira pamodzi ndi a Black Missionaries. Nthawi imeneyo foni ya kamera kudalibe m'matumba mwathu. Tangoganizani chikhala kuti pa madansi ake onse padali ngakhale anthu asanu ojambula monga zikhalira lero. Bwenzi achinyamata obadwa pambuyo pake akudzionera okha m'malo momvera ife, amene mwina tikuwonjezako mchere posimba.

Ndiye inu amene mumanyoza mafoni, taganizani kawiri. Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu, wobadwa mu 1930, adayimba zaka zambirimbiri, mpaka ena adayamba kumutenga ngati gogo wongosekesa anthu. Mu 2020 Patience Namadingo adakhala naye pansi nkuyimba naye nyimbo zake zakale kamera ikujambula. Kachidutswa ka Linny Hoo kadalowa pa TikTok, ndipo pofika kumayambiriro kwa 2022, gogoyo akukwanitsa zaka 92, kadali kataonedwa maulendo oposa 80 miliyoni. Anthu a m'maiko amene sadziwa ngakhale liwu limodzi la Chichewa ankavina nyimbo ya mkulu wa ku Chiradzulu. Chidawakoka n'chiyani? Ine ndimati ndi nkhope. Kumwetulira kwa gogoyo, mmene mnyamata ankamuyang'anira mwaulemu, kuseka kwawo pakati pa nyimbo. Zimenezo ndiye zidagwira anthu mtima, ndipo wailesi sizionetsa.

Chimodzimodzi Gasper Nali wa ku Nkhata Bay ndi babatoni wake, chingwe chimodzi, botolo kudzanja lina, ng'oma kuphazi. Kakanema kamodzi kojambulidwa panja, popanda zokongoletsa zilizonse, kadazungulira dziko lapansi mpaka mwini wake adakwera ndege. A Madalitso Band nawo adayambira m'misewu ya Lilongwe asadakafike ku Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017.

Koma apa m'pamene nkhani imayamba kuwawa. Mamiliyoni 80 aja adasanduka matumba angati a ufa pakhomo pa Giddes? Atolankhani a kunja atapita kwawo nthawi imeneyo adapeza kuti mwini nyimboyo alibe n'komwe foni yoonera TikTok. Anthu akufuna kwabwino adathandizapo, inde, ndipo tiwathokoze. Koma chithandizo ndi malipiro n'zosiyana. Makampani a intaneti amadyerapo pa kuonera kwathu, ogulitsa mabandulo amadyerapo, ngakhale mnyamata woika nyimbo m'mamemore pamsika amapezapo ya chiwaya. Woyimba yekha ndiye amadikira chisoni cha anthu. Tili ndi bungwe la COSOMA kuchokera mu 1992, tili ndi lamulo latsopano la umwini wa luso la mu 2016. Chofunika tsopano n'choti woyimba wa kumudzi apeze womufotokozera m'chinenero chake kuti nyimbo amailembetsa bwanji kumalo amenewa, ndipo ndalama ikabwera imadutsa njira iti. Ndipo inu ojambula, munthu akamayimba pamsika musangoloza foni ngati mukujambula mbuzi. Mufunseni dzina, mupempheni, muponyereni kangachepe m'mbale. Poika pa Facebook lembani dzina lakelo.

Palinso khalidwe lina limene likundinyansa. Tapatsidwa chida chimene makolo athu sadachilote n'komwe, koma taonani zimene timathamangira kujambula. Bambo waledzera wagwera m'ngalande, mafoni m'mwamba. Amayi awiri akukokana tsitsi pachitsime, mafoni m'mwamba. Ngozi yachitika pamsewu, munthu akubuula, anthu khumi akujambula ndipo palibe wothamangira galimoto. Pamaliro pomwe, mayi akulira mwana wake, wina ali pambali kufuna nkhope ituluke bwino. Madzulo zonsezo zili pa WhatsApp, tikuseka. Munthuyo ali ndi ana kusukulu, abale. Mowa umatha m'mawa koma kakanema sikatha.

Pomwe zinthu zokoma za tsiku ndi tsiku zikungodutsa osajambulidwa. Hugh Tracey adayenda m'dziko muno, likadali Nyasaland, mu 1950 ndi mu 1958, atanyamula makina olemera pagalimoto. Mwa zina zimene adajambula ndi nyimbo za amayi pamtondo. Anthu a nthawi imeneyo ayenera kuti adadabwa kuti mzungu akutaya nthawi ndi kusinja, chinthu chochitika pakhomo lililonse m'mawa uliwonse. Lero chigayo chafika pafupifupi paliponse, ndipo mtsikana wa m'tauni sadziwa kuti pamtondo m'pamene mayi ankadzudzulira mwamuna waulesi kapena apongozi ovuta, mudzi wonse ukumva, popanda womugwira pakamwa. Mawu a amayi amenewo akusungidwa ku International Library of African Music, payunivesite ya Rhodes ku South Africa. Zimene zidaoneka zachabe ndi zimene zasanduka chuma.

Nanga zachabe za lero ndi ziti? Kondakitala woitanira minibasi ndi mawu ake ongopeka pomwepo. Asodzi akukoka khoka ku Mangochi mogwirizana ndi nyimbo. Kwaya ya amayi ikuyeserera pansi pa mtengo Lachinayi masana, osati tsiku lovala yunifolomu, koma tsiku limene akulakwitsa nkumasekana. Ana akusewera fulaye ndi phada. Agogo amene akudziwabe kuyimba bangwe kapena kaligo, omwe mwina m'mudzi monse atsala okha. Achinyamata ofuna kupanga mafilimu aafupi amadandaula kuti alibe zida ngati za Shemu Joyah. Zoona, koma foni ili m'thumba mwanu imajambula bwino kuposa makina ambiri a m'ma 1960, ndipo ochita sewero ali kale pakhomo panu, safuna malipiro ena koma ulemu.

Vuto lotsala ndi kosungira. Foni imabedwa padepoti, imagwera m'madzi, memore ikadzaza timafufuta zakale kuti tiike zatsopano. Makanema ambiri amene tikujambula lero sadzatha zaka zisanu. Tili ndi nyumba yosungira zakale ya National Archives ku Zomba, tili ndi nyumba ya Chichiri Museum ku Blantyre. Ndikadakonda tsiku lina nditamva kuti malo ngati amenewa atsegula khomo loti munthu wamba abweretse kakanema ka gule wa kwawo, akakoperako, nkulemba m'kaundula. Si ntchito yofuna nduna kudula riboni. Ikufuna kompyuta, munthu mmodzi wodekha, ndi lamulo loti mwini gule avomereze.

Tibwerere kudansi kuja. Pempho langa kwa okonza madansi n'loti paikidwe anthu awiri kapena atatu odziwa kujambula, mawu atengedwe kumakina osati kumphepo, woyimba apatsidwe kope yake, ina isungidwe. Zikatero enafe tilibenso chifukwa choimirira ngati mitengo ya magetsi. Paja kandimverere adakanena za m'maluwa, ndipo munthu amene wathera dansi yonse pakagalasi wadzisandutsa kandimverere wa iye mwini. Jambulani nyimbo imodzi yokatumizira achimwene ku Joni, kenaka foni m'thumba, tione ngati m'chiuno mukadali mphamvu.

Koma mukapita kumudzi mwezi uno, kumeneko ndiye itulutseni. Khalani pansi ndi agogo, apempheni ayimbe ija ankayimba posinja. Musadayambe, nenani mokweza foniyo ikumva: dzina lawo, mudzi, mfumu yaikulu ndi tsiku. Tracey ankalemba zoterezi pa nyimbo zimene adajambula, n'chifukwa chake patatha zaka zoposa 60 munthu akhoza kufufuza nkupeza boma limene mawuwo adachokera.