Mutu 6: Phunzitsani Maso Anu pa Michesi

Chimandiwawa mumtima n'chakuti anthu ambiri amakhulupirira kuti zokongola zimakhala kutali, kofuna kukwerera basi. Funsani mwana wa sukulu ku Migowi kuti atchule malo okongola m'Malawi, adzakuuzani za Sapitwa kapena nyanja ya ku Mangochi, chonsecho phiri la Michesi lili kuseri kwa nyumba yakwawo. Alendo nawonso amathera ku Likhubula, n'kubwerera osadziwa kuti kumpoto chakum'mawa kwa Mulanje kuli phiri lina loima palokha, lopatulidwa ndi mpata wa Fort Lister, pamene atsamunda anamangapo linga mu 1893 pofuna kutseka njira ya ogulitsa akapolo. Ukawafunsa eni dera amangoti, "Aa, phiri ndi phiri basi." Si zoona zimenezo.

Pali njira zitatu zophunzitsira maso ndi makutu omwe, ndipo yoyamba ndiyo yaikulu: yang'anani chinthu chimodzi pa nthawi zosiyanasiyana. Kwa munthu wokhala kumadzulo kwake, Michesi m'mamawa amakhala bii, chifukwa dzuwa limatulukira kuseri, ndipo chimaoneka bwino ndi mzere wa pamwamba pokha. Masana amatuwa, kukhala ngati khoma losalala. Koma dikirani nthawi yoweruka kudimba, dzuwa litapendeka. Matanthwe amayamba kupsa ndi kufiira, zigwembe zimada, ndipo khwawa lililonse limadzionetsa palokha. Phirilo silinasinthe ayi, chasintha ndi mthunzi. Dzuwa la paliwombo limapha mithunzi, pamene lopendeka limaitalikitsa, ndipo mthunziwo ndi umene umauza diso kuti apa n'potumphuka, apa n'pokumbika.

Apa ndi pamene achinyamata amalakwitsa ndi mafoni awo. Amajambula dzuwa lili pamutu, kenako n'kumanyoza foni kuti ndi yotchipa. Ena amaima moyang'anizana ndi dzuwa, nkhope za anzawo n'kutuluka zakuda. Foni ilibe mlandu. Bwererani pamalo omwewo cha m'ma 5 koloko madzulo, dzuwa likhale cham'mbali mwanu, muone kusiyana kwake.

Nyengo nazo zili ndi zake. Mu June ndi July chiperoni chimameza nsonga n'kusiya phiri lodukiza. Mu October utsi wa moto wolusa umaliphimba mpaka kuoneka ngati lasunthira kutali. Mvula ikangokata, timizere toyera ta madzi timatsika pamatanthwe, mawa lake tazilala.

Mfundo ya mthunziyi yesaninso pakhonde. Tengani lichero, mulipendeketse padzuwa lamadzulo. Mudzaona mmene nsungwi iliyonse imadumphira zinzake n'kulowanso pansi, mpaka kupanga timakwerero toyenda mopingasa. Woluka anachita kuwerenga, sanangosokeza. Onaninso pansi pamene mayi wazira kumene, mmene dzanja lasiyira timizere tokhota tolowana, ndi mmene wadulira malire a dothi lakuda ndi lofiira m'munsi mwa khoma popanda chingwe choyezera. Ndalowa kale m'njira yachiwiri, yolemekeza ntchito za manja, koma ziwirizi n'zovuta kuzilekanitsa. Mayi wozirayu ndi mmisiri, ngakhale palibe amene anam'patsa setifiketi.

Ndisabise, Michesi ndi phiri loopedwanso. Akuluakulu amati kuli mizimu, ndipo amalangiza kuti ukapezako chakudya chokonzakonza uzingodya osaitana anzako. Mu March 1991 madzi osakanikirana ndi miyala anatsika n'kupha anthu ambiri ku Phalombe, anthu n'kumati wadutsa Napolo. Mu March 2023 namondwe Freddy anang'ambanso mapiri a derali. Zipsera zoterezi sindingazitche zokongola, chifukwa pansi pake pali misozi ya mabanja. Komabe munthu amene amayang'ana phiri tsiku ndi tsiku ndi amene amayamba kuzindikira kuti uko kunali mitengo chaka chatha, lero kukufuka utsi wa makala.

Njira yachitatu ndi ya makutu. Ng'oma za tchopa, gule wa Alhomwe amene bungwe la UNESCO linamuika m'kaundula wake mu 2014, zimayankhana zazikulu ndi zazing'ono, ndipo muziyesa kutsatira imodzi yokha mpaka gule athe.

Musanapite ku mutu wotsatira, sankhani malo amodzi oonera phirili, kaya pachitsime kaya pakhomo panu, muziimapo m'mawa ndi madzulo kwa sabata yathunthu. Mutengenso mwana mmodzi, muzimufunsa chimene akuona musanamuuze chanu.