Zotchinga manja panjinga yamoto: zimateteza, koma zina zimawonjezera dzanzi

Njinga yamoto ikagwa, chimayamba kuthyoka ndi chogwirira buleki kapena kilatchi. Kwa wakabaza kapena wamalonda amene amatenga katundu kumsika wa Lizulu ku Old Town kukaperekera makasitomala ku Area 10, Area 43 ndi ku City Centre, kachitsulo kameneka kakathyoka ndiye kuti ntchito yaima tsiku limenelo. N'chifukwa chake ambiri akafika m'mashopu a zipangizo mumsewu wa Malangalanga amafunsa zotchinga manja.

Zotchingazi zilipo zamitundu iwiri. Zapulasitiki zimamangidwa mbali imodzi yokha, ndipo ntchito yake ndi kutchinga mphepo, timiyala ndi zitsamba. Zachitsulo zimazungulira dzanja lonse n'kukamangidwa kumapeto kwa handulo, ndipo ndizo zimapulumutsa zogwirira njinga ikagwa. Njinga zopangidwira misewu yafumbi monga Yamaha AG200, zomwe alangizi amayendera kumidzi, zimabwera ndi zitsulo zoterezi kuchokera kufakitale.

Vuto limabwera pomanga. Njinga zambiri zakabaza zili ndi injini ya silinda imodzi, yomwe mwachibadwa imanjenjemera. Njinga zina zili ndi tizitsulo tolemera kumapeto kwa mahandulo, toletsa kunjenjemerako kufika m'manja. Makaniko akachotsa tizitsuloti kuti amangepo chotchinga chopepuka, zala zimatha kuyamba kuchita dzanzi ndipo magalasi oonera kumbuyo saonetsanso bwino. Dzanja ladzanzi limachedwa kugwira buleki, ndipo pamphambano yodzaza magalimoto kuchedwa kotero kumadzetsa ngozi.

Wogula ayambe wayeza handulo. Njinga zing'onozing'ono zambiri zili ndi handulo ya mamilimita 22, pamene zotchinga zina zinapangidwira ya mamilimita 28 ndipo sizigwira bwino pa yaing'ono. Afunsenso ngati mtengo umene wauzidwa ndi wa ziwiri pamodzi ndi mabawuti ake, komanso ngati kumanga kuli momwemo.

Akamaliza kumanga, asachoke asanayese. Apotokole chogwirira chowonjezera moto n'kuchisiya: chiyenera kubwerera chokha. Chikakanirira ndiye kuti chotchinga chachipana, ndipo njingayo siyoyenera kulowa mumsewu. Akhotetsenso handulo mbali zonse kuti aone ngati mawaya sakukokeka.

Si kunjenjemera konse kumene kumachokera pa zotchinga. Mabawuti ogwira injini akamasuka, tcheni ikakungika kwambiri, rimu ikapindika kapena tayala likapopedwa mopitirira muyeso, njinga imagwedezeka ndithu. Kumangitsa mabawuti n'kotchipa poyerekeza ndi mazira osweka kapena tomato wophwanyika panjira. Mphira zatsopano zogwirira ndi magolovesi zimathandizanso, ndipo dzanzi likamapitirira ngakhale munthu atatsika panjinga, ndi bwino kukaonana ndi achipatala.

Ogulitsa zipangizo nawo angapindule posunga mitundu yonse iwiri, pamodzi ndi mphira zogwirira, ndi kumufunsa kasitomala mtundu wa njinga yake asanamupatse katundu. Katundu wokwana bwino sabwezedwa, ndipo wakabaza wokhutira amabweretsa anzake apasiteji.