Cimanga Cimene Nsima Yakana, Mowa Usacilandire

Kukolola kukatha ndipo mphepo ya Juni ikayamba kuomba, kuseri kwa nyumba zambiri kuno ku Cigawo ca Kum'mawa kumafuka utsi. Mupeza mafuwa atatu, mgolo wakuda uli pamoto, ndi mai atagwira mthiko wautali ngati nkhafi. Iyi ndiyo nyengo ya mowa: wa zikwati, wa cinamwali, wa bona, wothokozera amene anathandiza kututa ndi kufolera nyumba, ndiponso wogulitsa kuti pakhomo papezeke ndalama ya sopo ndi ya sukulu.

Nkokondweretsa kumva amai odziwa kufulula ali kuceza pa cigayo. Wina ati cimera ca mawere ndico cipatsa mowa ukali ndi maonekedwe ofiirira. Mnzace ati eni ace a mowa ndi mapira. Wacitatu aseka onse awiri, nati iye anakulira pa cimera ca cimanga ndipo palibe mlendo anabwezapo cipanda cace. Kwina mowa umapsa pa masiku asanu, kwina pa asanu ndi awiri, ndipo mudzi uli wonse uyesa kuti njira yace ndiyo ya makolo. Akulu-akulu amalumbira kuti mowa wa m'mbiya ya dothi sungafanane ndi wa mumgolo wa citsulo, ndipo pa mfundo iyi ife tiri kumbali yao, pakuti mbiya yakale imasunga m'timing'alu tace yisiti ya mowa wapita, imene imadzutsa mowa watsopano msanga.

Mikangano yotere siipha munthu. Cimene catidetsa nkhawa ndi mau amodzi amene ambiri amabvomerezana popanda mtsutso. Posenda cimanga kumunda kapena potonola pakhomo, munthu akapeza ngala yowola, yakuda kunsonga kapena yomera ubweya wobiriwira, saitaya ai. Amaiponya pa kamulu kapadera nati, "Ici ncamowa." Ufa umene wanyowa ndi mvula yodontha padenga, nuyamba kununkha cinyontho, naonso amaupatula ndi mau omwewo. Palibe mai angaphikire ana ace nsima ya ufa wotere, koma ku mowa amaulola.

Maganizo amenewa sanabwere mwa umbuli cabe, ali ndi pogwira pace. Mowa umapita pamoto kawiri, umasasa, nuwira, kenaka nukunthidwa. Munthu poona zonsezi aganiza kuti palibe coipa cingapulumuke. Ndipo nzoona kuti kufulula kuli ndi nzeru zakuya zimene makolo anazipeza kale-kale popanda buku. Njere ikabviikidwa niyamba kumera, imatulutsa timadzi tina timene nchito yace ndi kusungunula ufa uli m'kati mwace kuti usanduke shuga wodyetsa kamera. Mai akayanika cimera, amaimitsa nchito imeneyi pakati, ndipo akathira cimera copera m'phala, nchitoyo imayambanso. Ndico cifukwa cace phala lolimba limasanduka lamadzi-madzi ndi lotsekemera. Ndico cifukwa cacenso wodziwa sathira cimera m'phala lobwadamuka, amayamba walipoletsa kufikira cala cikhoza kupirira, popeza kutentha kopambana kumapha mphamvu ya cimera. Pamenepo ndiye thobwa. Likagona masiku, tizirombo tina tabwino timalisasitsa, ndipo yisiti imadya shuga uja nimusandutsa ukali umene umaledzeretsa. Moto ndi kusasa kuja zimaphadi tizirombo tambiri toyambitsa matenda otsegula m'mimba.

Bvuto liri apa: moto umapha cinthu camoyo. Koma nguwi ndi tizirombo tina, pokhala m'cimanga conyowa, timasiyamo ululu, ndipo ululu si wamoyo kuti ufe. Njoka mukhoza kuipha, koma zimene yalabvulira m'thupi zimatsala.

Amene ayesa kuti tingoopseza akumbuke za ku Chitima. Tauni imeneyi iri m'boma la Cahora Bassa, m'cigawo ca Tete ku Mozambique, dziko limene timalowa kudzera pa Chanida tikacoka ku Katete. Anthu a kumeneko amalima cimanga monga ife, nafulula mowa wa masese monga ife, iwo amauchula pombe. Pa 9 Januwale 2015 panali maliro, ndipo anthu anamwa mowa monga mwa mwambo. Posakhalitsa anayamba kumva kupweteka m'mimba, kusanza, kutsegula m'mimba ndi kufooka. Anadwala anthu oposa 230, ndipo 75 anamwalira. Mai amene anafulula mowawo anamwalira nao pamodzi. Boma la Mozambique linalamula masiku atatu akulira dziko lonse.

Mbiri imene inawanda poyamba ndi yomwe ikanawandanso m'mudzi uli wonse wa kuno kwathu: wina wathira ndulu ya ng'ona m'mowa pamene anthu anali kumanda. Manyuzipepala a maiko akutali analemba zomwezo. Komatu m'zaka za m'ma 1980 katswiri wina wa za mankhwala pa Yunivesite ya Zimbabwe, Norman Nyazema, anali atayesa kale ndulu ya ng'ona, napeza kuti siiri ciphe coopsa monga anthu amanenera. Mowa wotsala ndi ufa wa ku Chitima zinatumizidwa kunja kukapimidwa, ndipo mu Novembala caka comweco coona cinadziwika. Munalibe ndulu, munalibe dzanja la mdani. Munali ululu wochedwa bongkrekic acid, wopangidwa ndi kacirombo kochedwa Burkholderia gladioli kamene kanaswana mu ufa wa cimanga. Ufawo unali utanyowa ndi madzi osefukira nuyamba kuola. Eni ace anaona kuti sungadyedwe, koma anayesa kuti ku mowa ukhoza.

Ululu umenewu ulibe fungo, ulibe kuwawa, ndipo suonongeka ndi moto. Kacidutswa kocepa kuposa njere ya mawere kakhoza kupha munthu wamkulu, ndipo palibe mankhwala ouziziritsa. Unadziwika poyamba pa cisumbu ca Java ku Indonesia, kumene unkapha anthu odya cakudya cosasitsa ca masese a kokonati, kufikira boma linaletsa cakudyaco mu 1988. Mu Okutobala 2020 anthu asanu ndi anai a banja limodzi ku Jixi m'dziko la China anafa nao atadya cakudya ca ufa wa cimanga wosasitsa.

Ngozi ya mtundu wa ku Chitima siicitika kawiri-kawiri. Mdani amene ali nafe caka ndi caka ndi wina, wosapanga phokoso, amene alimi a nshawa a ku Chipata, Katete ndi Petauke amamudziwa ndi dzina lakuti cuku. Nguwi yobiriwira mwacikasu imene imamera pa cimanga ndi nshawa imasiyamo ululu wochedwa aflatoxin. Akatswiri anauzindikira pambuyo pa caka ca 1960, pamene nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya cakudya cokhala ndi nshawa zocokera ku Brazil. Ukaculuka umapha msanga. Ku Kenya mu 2004 anthu 317 anadwala ndipo 125 anafa, ambiri a iwo atadya cimanga ca m'minda mwao comwe cimene cinakololedwa ndi mvula nicisungidwa cisanaume. Koma kawiri-kawiri umalowa pang'ono-pang'ono, nuononga ciwindi kwa zaka, ndipo umayambitsa khansa ya ciwindi, maka-maka kwa munthu amene ali kale ndi matenda a hepatitis B. Munthu womwa mowa ciwindi cace ciri kale pa nchito yolemetsa, nanga kucisenzetsanso cuku?

Kuno ku Zambia tinacenjezedwa mu 2024. Caka cimeneco cirala cinaononga minda kotero kuti pa 29 Febuluwale Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti dziko liri pa ngozi. Mbeu yobvutika ndi dzuwa ndiyo imene cuku amaigwira msanga ikali kumunda. Mu Ogasiti, Nduna ya Zaumoyo Elijah Muchima inauza mtundu kuti agaru pafupi-fupi 400 anafa m'mwezi umodzi, ndi kuti pa zitsanzo 25 zotengedwa ku makampani ogaya, pafupi-fupi theka zinapezeka ndi aflatoxin woculuka. Ngati zinatero ku zigayo zazikulu kumene kuli opima, nanga pa kamulu kaja kopatulidwira mowa, kamene mwini wace waona ndi maso kuti nkowola?

Pali cinanso cimene ambiri saciganizira. Cimanga ca nsima ya ufa woyera cimakonoledwa, nicipetedwa, mphale nibviikidwa masiku angapo, nitsukidwa, madzi ace natayidwa. Ulendo wonsewu umacotsako gawo lalikulu la ululu wa cuku, umene wambiri umapita ndi gaga. Cimanga ca mowa sicidutsa njira imeneyi. Cimagayidwa cathunthu ngati mgaiwa, ndipo ena amaonjezamo gaga yemwe uja. Cotero mbeu yoipitsitsa pakhomo ndiyo imalandira cisamaliro cocepetsetsa. Ndipo tisaiwale kuti mgolo wa mowa uyamba ndi thobwa. Mai aliyense amatungako la ana lisanasase, mwana wa kusukulu amanyamula m'botolo, woyamwitsa amapatsidwa kuti mkaka uculuke. Amene sanalawepo mowa alandirako gawo lao.

Cimera naco cifuna maso. Njere zonyowa, zounjikidwa pofunda ndi kubvundikiridwa ndi masamba a nthoci kapena saka kwa masiku atatu kapena anai, ziri pa malo amene nguwi iwakonda koposa. Sankhani njere zokhwima ndi zoyera monga mucitira ndi mbeu yobzala, pakuti cimera ndi mbeu ndithu, ndipo njere yowola siimera, ingoolera zinzace. Pobviika, zonse zoyandama pamwamba ziyoleni ndi kuzitaya, cifukwa ndizo zofumbwa ndi zopanda kanthu. Musaunjike mulu waukulu, yalani mocepa ndi kutembenuza tsiku ndi tsiku. Zikamera, yanikani msanga pa dzuwa lamphamvu, pa mphasa kapena pa tsanja, osati pa dothi. Cimera cabwino cimanunkhira kutsekemera. Cikanunkha ngati saka logona pa cinyontho, kapena cikamera ubweya wobiriwira kapena wakuda, cataika cimeneco, ngakhale mutaciyanika sabata yathunthu.

Alangizi a zaulimi amati cimanga cosunga cisapose magawo 13 pa 100 a cinyontho. Kumudzi kulibe makina opimira, koma botolo ndi mcere ziripo. Tengani botolo louma bwino, muikemo cimanga codzaza dzanja ndi mcere wouma wokazinga pang'ono, mutseke, mukhuchumule kwa mphindi ziwiri kapena zitatu, kenaka mulisiye kanthawi. Mcere ukamatirira m'mbali mwa botolo, cimanga cikali ndi madzi, cibwerere padzuwa.

Ku mphika wa ndiwo nkhani ndi yomweyi. Nshawa zazikulu zokongola zimapita kumsika, ndipo zokwinyika, zosweka ndi zothimbirira zimatsala pakhomo kuti zikhale nsinjiro zotendera ciwawa ndi phala la mwana. Zimenezi ndizo zimakhala ndi cuku wambiri. Ena amawaza madzi pa nshawa kuti makoko afewe posenda, osadziwa kuti madziwo ndiwo amaitana nguwi. Dengu la nsinjiro lisankhidwe poyamba, la wogula pambuyo.

Tidziwa kuti kutaya cimanga ndi mau olemera, maka-maka kwa mai wamasiye amene mowa ndiwo munda wace wa ndalama, kapena pa caka cimene nkhokwe siinadzale. Tikanakonda tikananena kuti cowolaco cipatsidwe kwa nkhuku ndi nkhumba, koma ziweto nazo zimadwala ndi kufa naco, ndipo ng'ombe ya mkaka imapereka ululuwo mu mkaka wace. Cotsala ndi kucitentha kapena kucikwirira m'dzenje lakuya kumene ana ndi ziweto sangafike. Cepetsani mgolo, fululani theka la muyeso ndi cimanga cabwino. Ndipo inu abambo amene mumapereka cimanga ca mowa wa maliro kapena wa cikwati, musatape pansi pa nkhokwe pamene panadontha mvula nkumati wofulula adzadziwa cocita. Mai wa ku Chitima naye anacita kulandira ufa uja.

Cikacitika kuti anthu angapo amene anamwa mowa kapena thobwa la mphika umodzi ayamba kusanza, kumva m'mimba, kutuluka thukuta ndi kufooka, musadikire kuti kuce poganiza kuti ndi matsire. Onse amene anamwako apite ku cipatala msanga, ngakhale amene sanayambe kumva kanthu. Anduna ndi amfumu aletse anthu kumwa wotsala, aletsenso kuloza zala kwa wofulula kapena kwa mlendo amene anakhala pafupi ndi mgolo. Mowa wotsalawo usatayidwe. Utsekedwe bwino, ndipo pamodzi ndi ufa ndi cimera zimene zatsala, uperekedwe kwa a zaumoyo kuti akaupime.