Alenje a ku America okwera mitengo kusanache

Mwezi wa Novembala ukafika ku Michigan, Ohio ndi Pennsylvania, agwape a mchira woyera amakhala pa nyengo yokwerana, ndipo alenje a uta ndi mivi saona tulo. M'madera ambiri lamulo limalola kulasa nyama kuyambira mphindi 30 dzuwa lisanatuluke. Mlenje amafuna nthawi imeneyi imupeze atakhazikika kale m'mwamba, choncho amakwera mtengo mumdima wa ndiweyani.

Ambiri masiku ano akusiya mipando yachitsulo yolemera yomangirira m'mitengo n'kumavala saddle, lamba wansalu yolimba wogwira m'chiuno ndi m'matako. Mlenje amaponda pa kachitsulo kakang'ono komangirira ku thunthu, n'kutsamira chagada, chingwe chitamugwira, mamita 5 kapena 6 kuchokera pansi. Mmodzi mwa anthu amene anatchukitsa njirayi ndi John Eberhart wa ku Michigan, yemwe analembanso mabuku okhudza kusaka agwape.

Chodabwitsa n'chakuti munthu akangokhazikika m'mwambamo amakhala wotetezeka ndithu. Ngozi zambiri zimachitika pokwera, potsika, ndiponso pochoka pa makwerero kupita pa kachitsulo kopondapo. N'chifukwa chake zingwe zimakhala ziwiri. Choyamba chimazungulira thunthu kuchokera m'chiuno, ndipo mlenje amachikweza pang'onopang'ono pamene akumangirira timakwerero take kamodzikamodzi, manja onse ali omasuka. Chachiwiri amachimanga chapamutu akafika. Choyambacho sachimasula mpaka chachiwiri chitagwira ndipo wachiyesa ndi thupi lake lonse. Nthambi ikatsekereza njira, amayamba wamanga chingwe china pamwamba pa nthambiyo. Mumdima, zala zitauma ndi chisanu, kachitsulo kokolowekera chingwe kangaoneke ngati katseka pamene sikanatseke, ndiye amaunikapo ndi kukagwedeza ndi dzanja.

Mtengo wokwera usiku amausankha masana. Kufunika kochita zimenezi kwakula kuyambira 2002, pamene kachilombo ka emerald ash borer kanapezeka pafupi ndi Detroit. Kapha mitengo ya ash yosawerengeka, ndipo youmayo imangoima chilili ngati yamoyo. Masamba akayoyoka, tochi singakuuze kuti uwu ndi wouma, komanso singaonetse nthambi yothyoka imene ili lende pamwamba.

Tochiyo amavala pamphumi, kawirikawiri yowala mofiira kapena mobiriwira. Ena amaizimitsiratu poopa kudzidzimutsa nyama, koma kumeneko n'kuika gwape patsogolo pa moyo wako. Uta amausiya pansi atamangirira ku kachingwe, n'kuukoka akakhala bwino.

Madzulo nakonso n'koopsa. Munthu watha maola ambiri osasuntha, miyendo yachita dzanzi, mtima uli kunyumba. Alenje osamala amauza wachibale malo enieni a mtengowo ndi nthawi yobwerera, ndipo foni amaiika m'thumba la malaya, osati m'chikwama chokoleka pa thunthu, chifukwa wolendewera pa chingwe sangachifikire.